Kompyuta ya M'chipinda cha Malemu

"Mwakhutira tsopano?" Apongozi anafunsa ataima pakhomo la pabalaza, ndodo ili m'dzanja lawo. "Mwam'tsekera kunja mwana wanga, m'nyumba yake yomwe. Mtima wanu wakhala pansi?"

Namwino anali pampando, laputopu ili pamiyendo, yunifolomu yoyera ikadali m'thupi poti anali atangoweruka kumene. Anadinanso kafoda kachikasu kaja. Kabwalo kanazungulira, kanazungulira, kenaka uthenga womwe uja unabweranso m'Chingerezi chake chouma, wonena kuti kompyuta imene akuifunayo sikupezeka.

"Amayi, sindinatseke kanthu ine. Ndi makinawa, asintha zinthu zina okha."

"Okha! Batani linadzidina lokha, eti?"

Apongozi anatembenuka n'kumenyetsa chitseko mpaka makapu analira m'kabati.

Nyumba imeneyi, abale inu, inali ndi malamulo ake. Gogoyu sanali mayi wa mwamuna wa Namwino ayi. Anali mayi wa mkazi woyamba, amene anamwalira mwana wake wamkazi akumaliza pulayimale. Maliro atatha gogoyo sanabwererenso kwawo, anatsala kulera mdzukulu, ndipo bambo wa panyumbapo analibe pakamwa poti n'kuwauza kuti nthawi yakwana. Namwino atakwatiwa anawapeza momwemo. Poti mwamuna wake ankati apongozi, nayenso anangoti apongozi.

Malemu anali wojambula zithunzi. Kumapeto kwa kolido kunali chipinda chimene ankagwiriramo ntchito, ndipo mmenemo munali kompyuta yake yakale, yachibokosi chotuwa. Zithunzi zake zonse zinali mmenemo, pamodzi ndi mavidiyo amene ankadzijambula akuseka, akuimba, akuluka tsitsi la mwana wake. Lamulo loyamba linali lakuti kompyutayo isazimitsidwe, chifukwa anaiyatsa ndi malemu mwini wake tsiku limene ankapita kuchipatala komaliza. Bambo anachita kugula chibatire chachikulu kuti magetsi akathima iyo izingoyakabe. Lamulo lachiwiri, m'chipindamo amalowa ndi apongozi okha, kukapukuta fumbi. Chitseko sichinkakiyidwa n'komwe, mantha okha ankakwanira. Lamulo lachitatu linali loti palibe kukopera chilichonse, kuyambira tsiku limene msuweni wina anafalitsa pamafoni chithunzi cha malemu atawonda ndi matenda.

Ndiye akafuna kumuona ankatsegula laputopu ya pabalaza, imene malemu anailumikiza yekha ku kompyuta ija kudzera pa netiweki ya m'nyumba. Apongozi ankayamba m'mawa uliwonse ndi vidiyo imodzi, tiyi ali pambali. Laputopuyo inali itatopa n'kupempha apudeti, koma aliyense pakhomopo ankadziwa podina kuti idikire nthawi ina. Lachinayi limeneli Namwino anali ndi maphunziro a kuntchito a pa intaneti, ndipo pulogalamu yake inakanitsitsa kutseguka pokhapokha apudeti itachitika. Anavomera ali ndi mswachi m'kamwa, akuthamangira basi. Chakudza sichiimba ng'oma.

Chimene chinkamuwotcha pamtima Namwino sanali apongozi. Mawu awo anali atawazolowera ngati kulira kwa firiji. Nkhani inali ya mwana wa malemu, Katsabola, amene anam'patsa dzinali chifukwa cha pakamwa pake. Mtsikanayu anali atasankhidwira ku koleji ya kutali, ndipo ankanyamuka Lamlungu. Zaka zonsezi ankamuyankha Namwino ndi mapewa, chakudya chake ankachilawa ngati mankhwala. Koma sabata yathayi, akutsuka mbale limodzi, anangoti osamuyang'ana, "Anti, Lamlungu mudzandiperekeze ndinu. Akakafunsa kuti mayi ake ali kuti, mukaimirire inuyo." Namwino anakalirira m'chimbudzi cha kuntchito tsiku lotsatira, kenaka anapukuta maso n'kukapempha tchuthi cha Lamlungulo. Analibe mwana wakewake, ndipo anali atasiya kuyembekeza kuti wina adzamuuza mawu otere.

Apongozi nawo anali atafewa pang'ono. Analola kuti Loweruka mdzukulu wawo akopere mavidiyo a mayi ake, apite nawo kusukulu. Laputopu yatsopano ya Katsabola sinkaiona n'komwe kompyuta yakale ija chibwerere kusitolo, choncho njira inali imodzi yokha, ya pabalaza. Ndiyo imene inali itatsekeka tsopano.

Katsabola analowa ndi majumbo a zogula, agogo ake ali pambuyo akumuuza nkhani yonse ndi zokometsera zake. Anakhala pambali pa Namwino n'kudina yekha. Uthenga unali womwewo.

"Zafufutika?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Ayi mwanangu, zonse zili momwemo. Ndi njira yokha yatsekeka. Ndikonza."

"Lisanafike Loweruka?"

"Lisanafike Loweruka. Ndakulonjeza."

Mtsikanayo anamuyang'ana kwa nthawi, kenaka anagwedeza mutu n'kunyamula majumbo ake.

Namwino anayesa zonse zimene ankadziwa. Anazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Anazula rauta pakhoma, anadikira, anabwezeretsa. Anakwawa kuseri kwa sofa kutsatira waya wabuluu wopita kuchipinda cha malemu, n'kutulukako ndi akangaude m'tsitsi. Anaimbira mwamuna wake, amene anali kutali komanga msewu.

"Mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?" anafunsa bamboyo, chigalimoto chikulira kumbuyo kwake.

"Ndayesa kangapo."

"Ndiye kaya. Ine zimenezo mukudziwa kuti ndine mbuli. Ndifika Loweruka masana, koma chonde musakangane ndi apongozi. Mtima wawo uja mukuudziwa."

"Nanga wanga?" anatero Namwino, koma foni inali itaduka kale.

Lachisanu anapita nayo laputopu kuntchito. Wamakompyuta wa pachipatalapo anali mkulu wina wadazi, wokhala m'kaofesi kodzaza mawaya, amene ankaseka asanamve nkhani.

"Ha! Inunso yakugwirani?" anatero akudina ndi chala chimodzi, dzanja lina lili ndi nthochi. "Sabata ino aliyense akulira zomwezi. Apudeti imeneyi yatseka njira yakale yogawanirana mafayilo, akuti mbava zimaloweramo. Ndiye makompyuta okalamba angotsala okhaokha ngati ife."

"Sizingatheke kubwezera mmene zinalili?"

Anayang'ana, anapukusa mutu. "Laputopu yanuyi inali yodzaza, ndiye yasesa zakale zija kuti ipeze malo. Kubwerera palibe. Koma njira ija ndikhoza kuitsegulanso, onani." Anadina apa, anadina apo. "Basi. Mukafika kunyumba ikaoneka. Ikavuta mundiimbire, koma kubwera sindingathe, mawa ndikukwatitsa mlongo wanga."

Namwino anafika kunyumba akuthamanga, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anayatsa, anadina, ndipo kompyuta ya malemu inaonekadi pa sikirini.

"Yabwera! Mwanangu, bwera udzaone, yabwera!"

Katsabola anatuluka ndi chisa chili m'tsitsi, apongozi akugogoda ndodo pambuyo pake. Namwino anadina kafoda kaja. Panatuluka kabokosi kofunsa dzina ndi pasiwedi.

Aa, koma tsoka lina. Zaka zonsezi fodayo inkangotseguka yokha, palibe anafunsidwapo kanthu. Anayesa tsiku lobadwa la malemu. Yakana. Anayesa la Katsabola, anayesa dzina la galu amene anali nawo kale, anayesa nambala ya galimoto yakale. Katsabola ankatchula, Namwino ankalemba, ndipo kabokosi kankangogwedezeka n'kukana. Potsiriza mtsikanayo anadzuka mwakachetechete n'kupita kuchipinda kwake.

"Mwana wanga sanandifunsepo pasiwedi ine," anatero apongozi. "Lero ndipemphe chilolezo kuti ndione mwana amene ndinabereka ndekha?"

Namwino anatuluka panja n'kuimbira wamakompyuta uja. Kumbuyo kwake kunkamveka azimayi akuseka ndi mapoto akugundana.

"Oo, ndinaiwala," anatero mkuluyo. "Apudeti yatsopanoyo siilolanso kulowa ngati mlendo. Ndiye mukonzere ku kompyuta yakaleyo. Mukhale pa kompyuta imeneyo, mupange dzina latsopano ndi pasiwedi yanu, mulipatse chilolezo pa fodayo, kenaka muizimitse n'kuyatsanso. Ndikutumizirani pa foni podina ponse. Koma mverani, asisitala: muyambe mwakopera zonse pa fulashi. Makina okalamba sadalirika."

Dzuwa lisanalowe Namwino anawapeza apongozi pakhonde akusankha nyemba. Anagwada pansi, yunifolomu yoyera ija pa simenti.

"Amayi, ndapota nanu. Ndiloleni ndilowe m'chipindamo kanthawi kochepa. Sindikhudza china chilichonse."

"Ayi."

"Ndiye lowani inuyo, ine ndiime pakhomo ndizikuuzani podina."

"Ine ndimapukuta fumbi basi. Mabataniwo anawakhudza komaliza ndi mwana wanga, ndipo zikhala choncho."

"Nanga alowe mwanayu? Ndi amayi ake."

Apongozi anaika lichero pansi. Maso awo anali ofiira, ndipo Namwino anaona kuti mayiyu wakhala akulira payekha.

"Munatenga mwamuna wake, ndinakhala chete. Munatenga bedi lake, mapoto ake, makatani munasintha. Mwana wake mwam'tenganso, ndamva kuti Lamlungu mukukaimirira ndinu. Chipinda chimodzi chokhacho, mayi inu, chimodzi chokha! Simungam'siyire?"

Namwino anadzuka, mawondo ali ndi fumbi, misozi ikutsika yokha. Chomvetsa chisoni n'chakuti sankawada mayiwa. Ankawamvetsa, ndipo kuwamvetsako ndi kumene kunkamufooketsa.

Loweruka m'mawa apongozi anam'tenga Katsabola kupita naye ku saluni yapafupi kuti akamalizitse tsitsi. Mtsikanayo potuluka anaima pakhomo la khichini.

"Anti, lero ndi Loweruka."

"Ndikudziwa, mwanangu."

Katsabola anatuluka. Geti linalira, nyumba inati zii.

Namwino anaima mu kolido nthawi yaitali, fulashi ili m'thumba, foni ili m'manja. Kudikira mwamuna wake kunali kungotaya nthawi, munthu amene sanawatsutsepo apongozi ngakhale pa nkhani ya mchere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anagwira chogwirira chozizira chija n'kukankha.

Chipindacho chinali chaching'ono kuposa mmene ankaganizira. Munkanunkha polishi ndi kafungo ka makina otentha. Juzi yobiriwira inali itakoloweka pampando, masilipasi ali pansi pa tebulo moyang'ana kukhomo, chikwama cha kamera chili pa msomali. M'kapu yothyoka chogwirira munali mabolopeni ndi chisa chokhala ndi tsitsi pang'ono. Kompyuta inkalira pansipansi. Atagwedeza mausi sikirini inawala, ndipo malemu anatulukira akuseka, mano onse pamtunda, atanyamula khanda lamasaya.

"Pepani amayi," Namwino ananong'ona. "Ndabwerera mwana wanuyu."

Anayesa kugwira ntchitoyo ataimirira, koma msana unakana ndipo zilembo zinali zing'onozing'ono. Anakhala pampando, kunsonga kwenikweni, kuopa kutsamira juzi ija. Analowetsa fulashi n'kuyamba kukopera monga anauzidwira. Kamzere kobiriwira kanatulukira n'kuyamba kuyenda ngati nkhono. Anayang'ana nthawi imene kompyuta inkati itenga, mtima unagwa. Saluni inali pangodya pomwepo, ndipo tsitsi linali longomalizitsa. Akanam'peza ali pampandopo. Akanam'pezanso akukopera, kuphwanya malamulo awiri nthawi imodzi, atatenga malemu yense n'kumuika m'thumba la diresi lake.

Apa m'pamene analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa cha mantha, osati nkhanza. Anaganiza kuti akonze msanga, atuluke, abwezere mpando mmene unalili, ndipo akabwera angowauza kuti zatheka zokha. Mwana akopere yekha masana, ndi dalitso la agogo ake, monga anagwirizana. Analetsa kukopera kuja n'kuzula fulashi.

Zotsalazo zinayenda bwino mpaka anadabwa. Dzina latsopano, pasiwedi, chilolezo pa foda. Kenaka kompyuta inapempha kuti izime n'kuyakanso. Chala chake chinaima m'malere. Anakumbukira lamulo loyamba lija, koma anadziuza kuti n'kuphethira chabe, palibe adzadziwe. Anadina.

Nkhope ya malemu inazimiririka. Kulira kwa makina kuja kunatsika, kunatsika, mpaka kunatheratu, ndipo m'chipindamo munagwa bata limene linali lisanamvekemo chimwalirire mwini wake. Kenaka kagetsi kanayakanso. Namwino anapumira m'mwamba.

Tiki. Tiki. Tiki.

Kaphokosoko kankachokera m'kati mwa bokosi. Sikirini inakhala yakuda, ndi kamzere kamodzi ka zilembo zoyera pamwamba, konena kuti disiki, imene imasunga zonse, sikupezeka.

"Ayi. Ayi, ayi, chonde."

Anazimitsa n'kuyatsanso. Tiki, tiki. Anagwedeza mawaya kumbuyo, anapukuta thukuta m'manja, anayesanso. Anaimbira wamakompyuta, foni inangoitana osayankhidwa, munthu ali pa ukwati. Anaika khutu pa bokosilo ngati mmene amamvetsera pachifuwa cha wodwala, iye amene anadzutsapo anthu mtima utaima, koma apa analibe jekeseni kapena mpweya woti n'kupereka. Anakhalanso pampando paja, nthawi ino thupi lonse, n'kugwira kumutu.

Geti sanalimve. Anangomva ndodo ikugwa pansi.

"Mayo ine! Mayo mwana wanga!"

Apongozi anali pakhomo, manja ali kumutu. Kumbuyo kwawo kunali Katsabola, tsitsi lake latsopano likunyezimira mafuta, maso ali pa sikirini yakuda.

"Dzukani pamenepo! Dzukani pampando wa mwana wanga!"

Namwino anadzuka mofulumira mpaka juzi ija inagwa pansi. Anawerama kuti aitole.

"Musaikhudze! Mwamupha kawiri! Matenda anandisiyirako mawu ake, inu mwabwera kudzamaliza!"

"Amayi, ndimafuna kukonza. Ndimafuna mwanayu apite nazo."

"Ndinakukanizani! Dzulo lomweli munagwada, ndinakukanizani! Ndinu munthu wanji wosamva?"

Katsabola anadutsa pakati pawo. Kanali koyamba kulowa m'chipindamo chimwalirire mayi ake. Anagwada patsogolo pa bokosi lija, anadina batani, anadikira. Tiki, tiki. Anadinanso.

"Amayi," anaitana pang'onopang'ono, ndipo sankaitana Namwino. "Amayi, dzukani."

Bambo anafika masana n'kupeza nyumba ili ngati pamaliro. Apongozi anali chigonere pa sofa, mpango uli kumaso. Bamboyo anamvetsera nkhani kuchokera uku ndi uku, chipewa cha kuntchito akuchizunguza m'manja, kenaka anati, "Tiyeni tipite nayo kwa okonza." Apongozi sanakanenso. Anangoti, "Yafa kale, itengeni."

Anapita atatu, bambo, Namwino ndi Katsabola. Bokosilo analikulunga m'bulangete, ndipo Katsabola analifukata pamiyendo njira yonse. Wokonza anali ndi kashopu kopanikizika pakati pa ogulitsa mafoni ndi osoka nsapato. Anamasula, anatulutsa disiki, anailumikiza ku makina ake n'kutchera khutu. Nkhope yake inanena zonse asanatsegule pakamwa.

"Bwana, iyi yapita. Madisiki amene azungulira zaka zambiri osapuma amatero, akangoima sadzukanso. Singano yake ikukanda m'kati, ndipo mukamayatsayatsa m'pamene ikuonongeratu."

"Palibe chimene mungachite?" anafunsa bambo.

"Ine ayi. Kuli akatswiri kutali amene amatsegula m'chipinda chopanda fumbi. Nthawi zina amapulumutsako pang'ono, nthawi zina amangokubwezerani chitsulo. Sindingakunamizeni." Anapukuta manja pa thalauza. "Koma inali ikuyaka bwinobwino m'mawa? Ndiye bwanji simunayambe mwakopera? Fulashi yokha inali yokwanira."

Namwino akanatha kukhala chete. Palibe ankadziwa. Koma Katsabola anatembenuka n'kumuyang'ana, ndipo kunamiza maso amenewo kunam'kanika.

"Ndinayamba kukopera," anatero. "Ndinaletsa."

"Munali nayo fulashi?" anafunsa Katsabola.

"Inde."

"Inali m'kati? Zinkalowa?"

"Inde, mwanangu."

"Ndiye munazula."

"Ndinkaopa kuti mundipeza. Ndinkaopa agogo."

Wokonza uja anapempha fulashiyo, mwina pena panatsalira. Munali zithunzi zochepa za ukwati wa anthu osawadziwa, makasitomala akale a malemu, poti foda yawo ndiyo inali pamwamba. Mkwati wina wonenepa ankamwetulira pa sikirini atagwira maluwa. Katsabola anayang'ana, kenaka anaseka kuseka koipa kumene kunathera m'kulira, mpaka wosoka nsapato anasuzumira kuti aone.

Atafika kunyumba, mtsikanayo analowa kuchipinda kwake n'kumenyetsa chitseko, ndipo kiyi inalira.

Apongozi anadikira mkamwini wawo akhale pansi. Sanakuwenso. Analankhula mofatsa, ndipo kufatsako kunali koopsa kuposa kukuwa.

"Bambo, ine ndakalamba, sindikangana ndi munthu. Koma denga limodzi ndi mayi awa sindigonanso. Musankhe. Mukati ndichoke, ndichoka mawa lomwe, ndikafere kwathu."

Bamboyo anayang'ana pansi. Anayang'ana kudenga. Namwino ankamuyang'anitsitsa mwamuna wake, kudikira liwu limodzi lokha, ngakhale laling'ono. Potsiriza bamboyo anam'kodola kuti apite kuchipinda.

"Mkazi wanga, mukudziwa kuti ine ndilibe nanu chifukwa."

"Ndiye kawauzeni zimenezo."

"Mtima wawo uja, akagwa pano tidzati chiyani? Mwana akuchoka mawa. Bwanji mupite kwa akulu anu masiku ochepa, zinthu zizizire?"

"Masiku ochepa angati?"

"Ochepa basi."

"Mundiyang'ane, bambo. Ndinalakwa, sindikukana. Koma ndinalowa m'chipinda chija chifukwa cha mwana wanu. Inu munali kuti zaka zonsezi, osawauza amayi kuti zinthu zimenezi tisunge pawiri? Munagula chibatire m'malo molankhula!"

Bamboyo anakhala pabedi n'kuphimba nkhope ndi manja. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. "Nanenso mawu ake ndinkawamvera momwemo," anatero. Namwino anaona kuti mwamunayu akulira mkazi wake woyamba, ndipo mkangano unathera pomwepo. Anatsitsa chikwama pamwamba pa wadiropu n'kuyamba kupinda zovala.

Chakumadzulo anakagogoda kwa Katsabola. Anagogoda kachiwiri. Kiyi inalira, chitseko chinatseguka pang'ono. Maso a mtsikanayo anali otupa, ndipo kumbuyo kwake sutikesi inali yasa pabedi.

"Mwanangu, ndilibe mawu. Madzi akatayika sawoleka. Koma disiki ija tiitumiza kwa akatswiri aja, ndiyesetsa ndi mphamvu zanga zonse."

"Panali vidiyo ina," anatero Katsabola ngati sanamve. "Ankandiluka tsitsi, ine ndikulira, iwo akundinyengerera. Ndakhala ndikuyesa kukumbukira mmene ankatchulira dzina langa. Kuyambira masana ndikuyesa, anti. Sizikubwera."

Namwino anatambasula dzanja, koma mtsikanayo anabwerera m'mbuyo.

"Sindikudana nanu. Ndikudziwa kuti munachitira ine. Agogo akunena zambiri, koma ine ndikudziwa."

"Zikomo, mwanangu."

"Koma ndikakuonani ndikumva kaphokoso kaja." Anagwira chitseko. "Mawa musabwere. Andiperekeza agogo."

"Chabwino," anatero Namwino. Ankafuna kugwada, kupempha, kulonjeza zinthu zimene sakanatha, koma anangoti chabwino, chifukwa mwanayo anali atalira mokwanira tsiku limenelo. Chitseko chinatsekedwa pang'onopang'ono, osamenyetsa.

Lamlungu kunacha bwino, kopanda ndi mtambo womwe. Namwino anadzuka m'mamawa, anasita bulauzi ya Katsabola imene inali pa chingwe n'kuikoloweka pa chogwirira cha chitseko chake. Anakonza tiyi amene palibe anamwa. Diresi labuluu limene anasokera ulendowu analipinda n'kuliika pansi penipeni pa chikwama chake.

Bambo anakweza sutikesi ndi ndowa m'galimoto. Apongozi anatuluka atavala zakutchalitchi, anadutsa pafupi ndi Namwino ngati akudutsa mtengo, n'kukakhala kutsogolo. Katsabola anatuluka pomaliza, atavala bulauzi ina.

Panalibe wotsegula geti, ndiye Namwino anapita kukatsegula. Anakoka chitsulo, anakankha mbali iyi, anakankha inayo, n'kuima pambali atagwirizira kuti mphepo isalibweze. Galimoto inadutsa pang'onopang'ono pafupi naye, moti akanatha kukhudza galasi. Anakweza dzanja.

"Uyende bwino, mwanangu! Ukafika uka..."

Galasi linali lotseka. Katsabola anali atatsamira mutu paphewa la mpando wa agogo ake, maso ali kumbali inayo. Galimoto inakhota pangodya ya saluni n'kusowa.

Mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankathirira maluwa kuseri kwa mpanda, anasuzumira akumwetulira.

"Aa, anzanga, mwatsala? Si paja munati mukukam'siya mwana wanu kusukulu lero?"

Namwino anatseka geti, anabwezera chitsulo m'malo mwake, ndipo anatsamira pamenepo n'kulira mokweza ngati kamwana, mpaka mayi uja anagwetsa payipi n'kuthamangira kudzamugwira.

"Wapita ndi eni ake," anatero Namwino atapeza mpweya. "Ndithandizeni kunyamula chikwama, ndikakwere basi."